Usataye Kabuku ka Amayi

Tabata,
Dar es Salaam.
9 Okutobala.

Wokondedwa mng'ono wanga Esinati,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Amayi akudzuka bwanji masiku ano? Mwendo uja ukuwalola kufika okha pakhonde, kapena mukuwagwirizabe? Nanga chifuwa chimene unanena chija chikuchepa? Ine kuno ndilipo. Palibe pamene pakundipweteka, ndikudya, ndipo kuntchito ndikupita.

Udabwa kulandira kalata yolemba pamanja pamene tonse tili ndi mafoni. Ndaipereka kwa a Jere, aja amabwera kudzapikula zitenje kumsika wa Kariakoo, akwera basi Lachisanu. Ndalemba chifukwa Lamulungu lija pamene tinkalankhula unali kuchigayo, ndipo zonse zimene ndinanena unangoti eya, ndamva, ndiona. Uthenga ndakutumizira katatu wakuti amayi asamwe bakitirimu, iwe wandiyankha ndi kachithunzi ka chala. Ndimakudziwa, Esinati. "Ndiona" wakoyo unamuyamba uli ndi zaka zisanu ndipo mpaka lero sanaonepo kanthu. Ndiye khala pansi, ana uwatume kwina, uwerenge mpaka kumapeto.

Nkhani ndi ya kabuku ka kuchipatala ka amayi. Unati kakale kaja kadzaza, kada, mphemvu zadya m'mbali, ndiye wawagulira katsopano, ndipo anesi anakuuza kuti kakaleko kalibenso ntchito. Usakataye. Usakolezere moto, usawapatse ana kuti azijambulamo. M'kati mwa chikuto chake muli chinthu chimene chikasowa, amayi akhoza kufa ndi mankhwala olandira kuchipatala komweko. Ndikufotokozera, koma ndiyambe ndi zimene zandichitikira kuno, chifukwa ndikapanda kutero uziti ndi mantha chabe a anthu a m'tauni.

Zaka zisanu ndi zinayi ndili kuno, palibe wa kwathu amene anandifunsapo bwinobwino ntchito imene ndimagwira. Amalume amauza anthu kuti ndine dokotala wa makompyuta, ine sindiwatsutsa. Ntchitoyo ndi iyi. Madokotala akamaona wodwala amalemba pa kompyuta, aliyense m'kalembedwe kake, wina Chiswahili, wina Chingerezi, wina zonse pamodzi modula mawu. Ife tinapanga pulogalamu imene imawerenga zolembazo, n'kutolamo matenda ndi mankhwala, chilichonse n'kuchipatsa nambala yake. Nambalazo si zathu ayi, zimachokera pa mndandanda waukulu umene maiko ambiri amagwiritsa ntchito. Malungo ali ndi yake, mphumu ili ndi yake, ndipo zonse zimaoneka mofanana: chilembo C kutsogolo, manambala asanu ndi awiri pambuyo. Ubwino wake ndi wakuti ngati pali mankhwala amene samuyanja munthu, nambala ya zimenezo imamutsatira. Tsiku limene wina amulembera mankhwala omwewo, pagalasi la kompyuta pamatuluka chenjezo lofiira.

Chaka chatha mu Juni tinkasamutsa zolemba za chipatala china chaching'ono cha kum'mwera, kupitirira Lindi, kuzichotsa m'makina awo akale kuziika mwathu. Pulogalamu inkangoima. Ndikaidzutsa iyende pang'ono, yaimanso. Nditafufuza ndinapeza kuti m'zolemba za odwala ena munali tinambala tachilendo, S4, S12, S30, totero. Pa mndandanda waukulu uja panalibe, ndipo maonekedwe ake sanali ngati a zinzake. Pulogalamu ikafika pa kanambala kotero inkakana kupitirira, ngati ng'ombe ya pangolo ikaona mlatho wamatabwa.

Linali Lachiwiri, ndipo Lachinayi kunkabwera alendo amene amatithandiza pa ntchitoyi kudzaona mmene zikuyendera. Mkulu wathu, Bwana Lyimo, ankangozungulira kumbuyo kwa mpando wanga akugwedeza makiyi a galimoto. Gervas, mnzanga wa tebulo loyandikana nalo, anasuzumira n'kunena kuti izi ndi zinyalala, pali wina kumeneko amene ankaphunzirira kutaipa pa zolemba za odwala. Ndinaseka, ndinavomereza. Ndinalemba mzere umodzi wouza pulogalamuyo kuti nambala ikakhala yosafanana ndi zinzake iziidumpha n'kupitirira. Sindinaiuze kuti izisunga penapake zimene yadumphazo, kapena kuti izitidziwitsa. Sizinanditengere ndi mphindi khumi zomwe. Zonse zinayenda, alendo anaomba m'manja, Bwana Lyimo anatigulira chipisi cha mazira ndi soda. Ndinadya, ndinapemphanso tsabola wowonjezera.

Chaka chino mu Ogasiti kuchipatala kuja kunapita mayi wina dzina lake Asumini, wa zaka 34, wogulitsa zitumbuwa za mpunga pokwerera basi. Ankamva kuwawa pokodza, basi. Anapeza dokotala watsopano amene anali atangofika mwezi womwewo. Dokotalayo anamufunsa ngati pali mankhwala amene samuyanja. Asumini anati alipo, dzina lake sakulidziwa, koma Sista, nesi wamkulu uja, analemba kale m'makina mwanumo. Dokotala anayang'ana pagalasi, panalibe chofiira chilichonse. Anaganiza kuti mwina ndi penisilini, poti ndiye amene amavuta anthu ambiri, ndiye anamupewa n'kulemba bakitirimu. Tsiku lachitatu mayiyo anabwerera ali ndi matuza m'kamwa ndi m'maso. Kenako khungu linayamba kusupuka ngati la munthu amene wapsa ndi madzi owira. Anamutumiza kuchipatala chachikulu, ndipo tsiku lachisanu ndi chinayi anamwalira. Wasiya ana awiri.

A kuchipatala anatiimbira kufunsa chifukwa chimene makina sanachenjezere. Bwana Lyimo anatituma ine ndi Gervas kuti tikaone. Ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu. Tili m'basi ndinatsegula kompyuta pamiyendo n'kuika zolemba zakale za Asumini pambali pa zatsopano. M'zakale munali S12. M'zatsopano munalibe. Tanthauzo la S12 sindinkalidziwa, koma mtima unali utadziwa kale tisanawoloke ndi mtsinje wa Rufiji womwe. Gervas anali mtulo, kukamwa kuli yasa. Ndinatseka kompyuta n'kumayang'ana mitengo ya kokonati ikudutsa. Basi itaima ndinagula chimanga chootcha, ndinachidya chonse.

M'mawa mwake anatilowetsa m'kachipinda ka nesi wamkulu, Sista Somoe. Ndi mayi wamfupi, wonenepa, magalasi ake amawamangirira m'khosi ndi chingwe cha nsapato, ndipo wagwira ntchito pachipatalapo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anatiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndinu ana a makina aja? Khalani. Tiyi ndi uyo. Shuga muziikira nokha, ine nambala yake sindiidziwa."

Gervas anafunsa za tinambala tija. Sista anatsegula kabati n'kutulutsa buku lalikulu lachikuto cholimba, lakuda ndi manja. Anati makina awo akale anali ndi kabokosi kamodzi kolandira nambala yokha, mawu ayi, ndipo mndandanda umene anawapatsa nthawi imeneyo unali waufupi. Ndiye iye anayamba kupanga zake. S ndi Somoe. Zinalipo 46, ndipo anesi onse akale ankazidziwa pamtima ngati nyimbo ya kusukulu. Anatiwerengera zina, chala chili pamzere. S4, amakhala kutsidya kwa mtsinje, nthawi ya mvula mupatseni mankhwala a miyezi itatu. S19, amati wamwa koma samwa, muoneni akumeza. S30, mwamuna wake asadziwe. S12, khungu linasupukapo ndi mankhwala a gulu la bakitirimu ndi fansida, asadzapatsidwenso.

Gervas ndi munthu wabwino, koma sadziwa nthawi yotseka pakamwa. Anati zimenezi sizinafunike kupeka, pa mndandanda waukulu chilichonse chili ndi nambala yake.

"Chilichonse, bambo?" anatero Sista. "Wolumidwa ndi ng'ona alimo?"

Gervas anasakasaka pafoni. "Alimo, Sista."

"Wogwa mumtengo wa kokonati?"

"Wogwa mumtengo alimonso."

"Ayi ndithu, eni ake mndandandawo ndi akhama. Nanga mkazi amene mwamuna wake akadziwa kuti akumwa mankhwala amuthyola nthiti, nambala yake ndi chiyani? Tayang'ana bwino, mwina ili pafupi ndi ya ng'onayo."

Gervas anamwa tiyi wake. Patapita kanthawi anati akaone makompyuta a kolandirira mankhwala, natuluka.

Titatsala awiri, nthabwala zija zinatha. Sista anandiuza kuti sabata imene Asumini anabwera iye kunalibe, anali ku Masasi ku ukwati wa mwana wake wamkazi. "Ndinavina masiku anayi, mwanangu, ndi mawondo anga owolawa. Ndikanakhala pano ndikanamuona pamzere. Ndimamudziwa kuyambira mimba yake yoyamba. Ulendo woyamba khungu litasupuka, amene ankamutsuka mabala ndine." Kenako anati chimene chikumudya si ukwatiwo ayi. Anati wakalamba, mutu wayamba kutaya zinthu, ndipo ayenera kuti anaiwala kulowetsa S12 ija m'makina, chonsecho anamulonjeza mayiyo kuti walemba. Anandionetsa kalata yopempha kupuma pantchito, yosaina kale, ikungodikira envulopu.

Esinati, ndikuuze zoona. Ndikanatha kukhala chete. Gervas sanadziwe, Bwana Lyimo sanadziwe, ndipo mayi ameneyu anali atasenza kale mlanduwo yekha popanda womukakamiza. Sindinganene kuti ndinalimba mtima, chifukwa mumtima munalibe chilichonse, mantha kapena chisoni. Ndinangomva pakamwa panga pakulankhula. Ndinati, Sista, simunaiwale. S12 munalemba, ndaiona ndi maso anga m'zolemba zakale. Amene anaichotsa ndine. Ndinamufotokozera za mzere uja, za Lachinayi, za alendo.

Anavula magalasi n'kuwasiya akulendewera pachifuwa.

"Unkadziwa kuti ndi chiyani?"

Ndinati ayi.

"Unafunsa ndani?"

Ndinati palibe.

"Foni yanga ili patsamba loyamba la mapepala amene tinakutumizirani. Ndinalemba ndekha, ndi cholembera chofiira. Ukanaimba, tiyi asanazizire ukanazidziwa zonse 46."

Sanakalipe. Anatenga fulasiki n'kundithirira tiyi wina, nati ndimwe, ulendo wobwerera ndi wautali. Kalata yake ija anaipinda n'kuiika m'thumba la yunifolomu. Bwenzi zili bwino akanandiomba mbama, mwina ndikanamva kanthu. Paja kwathu amati safunsa anadya phula. Phula langa anadya ndi Asumini.

Pobwerera tinadikira basi pamalo pomwe iye ankagulitsira. Pali mng'ono wake tsopano, ndi beseni lomwelo, anationetsa ndi mlonda wa pachipatala. Ndinaima patali. Ndinkafuna kupita kukanena kanthu, koma sindinadziwe kuti munthu amayamba ndi mawu ati. Gervas, posadziwa, anakagula zitumbuwa zinayi zoti tidye m'njira, n'kundipatsa ziwiri zokulunga m'nyuzipepala. Ndinadya chimodzi. Chinali chokoma.

Titafika kuno tinapeza Bwana Lyimo atalemba kale lipoti lakuti chipatalacho chinkagwiritsa ntchito nambala zosavomerezeka. Limenelo si bodza. Pamsonkhano ndinaimika dzanja n'kunena kuti pulogalamu inaziona nambalazo, inaima kuti itifunse, ndipo ine ndi amene ndinaitseka pakamwa. Gervas anayang'ana pansi, kenako anati mawu akuti zinyalala anayamba ndi iye. Bwana Lyimo anatiuza tonse awiri kuti tikhale pansi. Msonkhano utatha anandiitanira mu ofesi mwake, n'kundiitana kuti dada, ndiko kuti mlongo m'Chiswahili.

"Dada Ndaziona, palibe amene akufuna mutu wako. Usauike m'mbale munthu asanaupemphe. Ndikakuchotsa iwe, akonze zimenezi ndani, ineyo? Ine ndimangodziwa kusaina."

Ndinamuuza kuti alembe mmene akufunira, koma chinthu chimodzi ndikuchifuna: kalata yopita kwa Sista Somoe, ya chidindo, yonena kuti iye analemba chenjezolo ndipo linasowera m'manja mwathu. Anadandaula kuti ndikumuika pamoto, koma analemba. Lipoti lalikulu linatuluka likunena kuti posamutsa zolemba nambala zina sizinawoloke, ngati kuti zinamira zokha pamtsinje. Dzina langa mulibe. Ntchito sanandichotse, ngakhale kalata yondichenjeza sanandipatse. Ndinali nditalongedza kale kapu yanga ndi chithunzi cha amayi chija m'chikwama, ndinazibwezeranso patebulo.

Kukonza kwake kunanditengera m'mawa umodzi. Tsopano pulogalamu ikapeza nambala yachilendo siitaya. Imaisunga mmene iliri, imaionetsa pagalasi ndi mtundu wachikasu, ndipo pambali pake pamatuluka mawu akuti funsani, ndi dzina la munthu wofunsidwayo. Nambala 46 za Sista ndinazilowetsa imodziimodzi, iye akundiwerengera pafoni n'kumandidzudzula ndikalakwitsa. Zimene zili ndi zinzake pa mndandanda waukulu tinazilumikiza. Zimene zilibe, monga S30, tinazisiya ndi dzina lake lomwelo. M'mawa umodzi, Esinati. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane ndinali nditamaliza.

Titawerenga tinapeza kuti mzere wanga uja unadumpha tinambala 3,118. Anthu a S12 analipo 37, kuphatikizapo Asumini. Anesi akhala akuwasaka kuti awauze ndi pakamwa dzina la mankhwala amene sayenera kumwa, popeza ena amapita kuzipatala zina kumene makina athu kulibe. Apezeka 31. Asanu sakudziwika kumene ali, ena anasamuka, ena mafoni awo anazima kalekale. Maina a osowawo ndinawalemba pakapepala, kali pansi pa kapu yanga. Sista sanapume pantchito. Nthawi zina amanditumizira uthenga wakuti mwana wa makina, wa kutsidya uja tamupeza, ndiye ndimadula dzina limodzi, ndi mmene atsalira asanuwo. Sanandiuzepo kuti wandikhululukira, inenso sindinamupemphe.

Ukandifunsa mmene ndikumvera, sindikumva kanthu. Ndimadzuka, ndimasamba, ndimakankhana ndi anthu pokwera daladala, minibasi ya kuno, ndimagwira ntchito, ndimabwerera. Tulo ndimagona bwinobwino, ndipo zimenezo zimandichititsa manyazi. Mkazi wa mwini nyumba anandifunsa ngati ndikudwala, poti wailesi yanga sakuimvanso. Gervas akuti ndipite kutchalitchi kwawo, kuli abusa odziwa kuliritsa anthu. Ndakhala ndikudikira misozi, ndimati mwina Loweruka ndikakhala ndekha, koma Loweruka likafika ndimachapa zovala. Zili ngati mkono umene waugonera, umauona kuti ndi wako koma ukautsina suumva.

Chimene chinandigwedeza koyamba ndi mawu ako a Lamulungu aja. Unawanena mongodutsa, pakati pa nkhani ya mtengo wa feteleza ndi ya mbuzi ya alamu: kabuku ka amayi ndawagulira katsopano, chifuwachi chikapanda kusintha ndipita nawo sabata yamawa. Ndinali pamalo okwerera, foni ili kukhutu. Madaladala atatu a ku Tabata anandidutsa ndikungowayang'ana. Ukudziwa iwe mankhwala amene amakonda kupereka kwathu munthu akapita ndi chifuwa: bakitirimu.

Tsopano imva zimene sukuzidziwa. Mu 2002 ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, iwe unali usanasiye kuyamwa. Amayi anadwala malungo, anawapatsa fansida. Patapita masiku ochepa milomo inatupa, maso anamatirira, khungu la kumsana linayamba kutsalira pamphasa. Anagona kuchipatala cha mishoni milungu itatu. Abambo anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndiye odikirira tinali ine ndi azakhali, iwe anakusiya kwa agogo. Ntchito yanga inali kuwadonthezera madzi m'kamwa ndi kasupuni, chifukwa kapu sankatha kuigwira ndi milomo. Zipsera zimene umaziona ukamawasambitsa si za moto monga amanenera iwo. Diso lamanzere lija limangotuluka misozi si utsi wa kukhitchini.

Tsiku lotuluka, dokotala wina wamtali, woyenda motsimphina, anatenga kabuku kawo n'kujambula m'kati mwa chikuto ndi cholembera chofiira. Anajambula kamzere kozungulira, mtanda pakati, ndi zilembo ziwiri pansi pake. Anawauza amayi kuti kulikonse kumene adzapite azidzayamba aonetsa tsamba limeneli asanatsegule pakamwa, chifukwa mankhwala amenewa ndi abale ake onse, bakitirimu yemwe, akadzawamwanso sadzabwerera kunyumba. Chizindikirocho chinali chake cha dokotalayo, sichili m'buku lililonse, ndipo nesi wa lero akhoza kuchiona ngati zojambula za mwana. Koma chimachititsa munthu kuima n'kufunsa, ndipo amayi ankayankha.

Amayi sadziwa kuwerenga, koma anamva. Ndi chifukwa chake kabuku kakadzaza sankataya, ankasokerera katsopano pa kakale ndi ulusi wakuda, mpaka timabuku titatu tinakhala chimtolo chimodzi. Unkawaseka kuti akunyamula Baibulo popita kuchipatala. Inenso ndinkaseka nawo, chonsecho ndinkadziwa. Chidwalireni sitiroko dzanja lija silingagwirenso singano, ndipo lilime lalemera moti mlendo sangamve zimene akunena. Abambo anapita, azakhali anapita, agogo anapita. Otsala odziwa nkhaniyi ndi ine ndi kabuku kameneko.

Ndipo ine sindinakuuzepo. Zaka zonsezi iwe ndi amene ukuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwakweza pa kabaza kupita nawo kuchipatala, ine ndikungotumiza moni ndi zitenje, osakuuza chinthu chimodzi chimene chingawaphe. Sikuti ndinkabisa. Ndinkangoti zinalembedwa kale. Asumini nayenso anatero.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo si la mawa. Upeze chimtolo chakale chija lero lomwe. Yang'ana m'sutikesi yawo, m'dengu la pamwamba pa kabati, ufunsenso ana. Ukachipeza, tenga singano ndi ulusi usokerere kabuku katsopanoko pamwamba pake, monga ankachitira eni ake, kaya ndi chakuda chotani. Tsamba lomaliza la kalata ino ndalemba m'zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa, ndipo m'munsi mwake m'Chingerezi. Palibe nambala, palibe chizindikiro, ndi mawu okhaokha. Ulidule, ulisokerere kutsogolo kwenikweni. Ndipo ukafika nawo kwa dokotala unene ndi pakamwa, ukafika pawindo la mankhwala unenenso, ngakhale akuyankhe kuti mayi, timadziwa kuwerenga. Alamu uwauze, mwana wako Tiyanjane umuuzenso, wakula tsopano, tsiku lina adzawaperekeza ndi iye.

Ngati chinapsa kale, usandibisire poopa kuti ndikalipa. Ine ndilibe pakamwa pokalipira munthu amene wataya chinthu chimene sankachidziwa. Ungondiuza, usokerere tsambalo pa katsopanoko, basi.

A Jere ndawapatsanso zitenje ziwiri, chobiriwiracho ndi cha amayi, ndi paketi ya masamba a tiyi. Za Disembala sindinadziwe, tchuthi sindinapemphe, ndikufuna ndiyambe ndaona maina asanu aja atachepa.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti mbuzi yawoyo ndamva mbiri yake. Moni kwa Tiyanjane ndi Mphatso, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa anamkungwi a kutchalitchi amene amabwera kudzacheza ndi amayi. Amayi uwagwire dzanja lamoyolo, uwauze kuti Ndaziona akukumbukira kasupuni kaja. Amva.

Ukamaliza kusoka unditumizire chithunzi, ndione ulusiwo ndi maso anga. "Ndiona" ulendo uno sindimulandira.

Ndine mkulu wako,
Ndaziona.

MAYI AWA ASAPATSIDWE BAKITIRIMU, FANSIDA, KAPENA MANKHWALA ENA A GULU LIMENELI. MU 2002 KHUNGU LAWO LINASUPUKA NDIPO ANATSALA PANG'ONO KUFA. IWO SANGATHE KUKUUZANI OKHA. NGATI PALI CHIMENE SIMUKUCHIMVETSA M'TIMABUKU ITI, MUSADUMPHE. FONI YANGA ILI KUSERI KWA TSAMBALI. FUNSANI.